Kavalo Athamangira Kutali, Ndalama Zicokera M'nyumba Mwathu

Amalume anga, amene tsopano anatisiya, anachona ku Harare zaka zambiri akugwira nchito ya ukhukhi. Atabwerera kumudzi, ine ndili mnyamata wa pa sukulu ya misyoni, ankakonda kutisimbira madzulo za bwalo la Borrowdale, kumene akavalo amapikisana liwiro. Ankasimba za anyamata ocepa thupi, obvala malaya a mawangamawanga, amene amakwera pa akavalowo. Za mgugu wa ziboda. Ndi za khamu la anthu lofuula ngati lapenga. Sanabise kuti nawonso ankabecha. "Akavalo aja anandidyera njinga ziwiri," ankatero akupukusa mutu.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Nanga cinakuletsani n'ciani, amalume, kuti musataye zonse?" Iwo anaseka nati, "Mtunda, mwana wa mlongo wanga. Akavalo sankathamanga tsiku lililonse. Kuti ndifike ku bwalo ndinkakwera basi, ndalama zili m'thumba. Zikatha, zatha. Mpikisano wotsiriza ukapita ankatseka cipata, ine n'kubwerera ku komboni wapansi, ndikudziweruza ndekha. Ulendo wobwerera uja ndiwo unali mphunzitsi wanga."

Mau amenewa ndinawakumbukira posacedwa, pamene mai wina wa mu mphakati wathu anadza kwa ine itatha Misa. Wandilola kusimba nkhani yake popanda kumuchula dzina. Kwa miyezi ingapo amuna ake ankadzuka tambala woyamba asanalire, n'kukakhala pa khonde akuyang'ana pa foni. Maiyo ankaganiza kuti pali cibwenzi. Zoona zake zinadziwika tsiku logula feteleza, pamene ndalama zinapezeka kuti palibe. Bamboyo ankabecha pa akavalo a ku Australia, dziko limene sanapondeko, pa nyama zimene sanazionepo ndi maso.

Abale anga owerenga, mtunda umene unapulumutsa amalume anga kulibenso. Tsono funso ndi ili: pamene kavalo akuthamanga m'dziko lina, ndipo ndalama zikucokera m'dziko lina, ndani ayenera kuyang'anira? Maiko amene ali ndi mipikisano yaikulu ya akavalo akhala akulimbana ndi funsoli kwa zaka zoposa 60. Ndi bwino tione zimene anacita, ndi zimene anacedwa kucita.

Tsiku lopanda madzulo

Masiku ano mpikisano wa akavalo umajambulidwa pa bwalo, n'kuulutsidwa nthawi yomweyo kupyolera pa setilaiti kapena pa intaneti. Umaoneka m'nyumba zobecheramo, pa wailesi ya kanema ndi pa foni, ndipo munthu angathe kubecha ali kutali ndi bwalolo makilomita zikwi zambiri.

Taonani m'mene tsiku limayendera pa koloko yathu ya ku Zambia. Kuno kusanace, ku Australia ndi masana, ndipo akavalo ayamba kale. Masana athu, mabwalo a ku South Africa atsegula, pakuti nthawi yao ndi yathu n'cimodzimodzi. Posakhalitsa a ku Britain ndi ku Ireland ayamba. Dzuwa likalowa, a ku America alowa m'bwalo mpaka pakati pa usiku. Pamene palibe mpikisano weniweni, makampani amaonetsa akavalo opangidwa ndi kompyuta, amene satopa ndipo sadya msipu. Cipata cimene ankatseka ku Borrowdale, pa foni sicitsekedwa.

Masamu a mphika umodzi

Pali njira ziwiri zobechera pa akavalo. Yoyamba ndi ya kampani imene imanena yokha kuti kavalo wakuti akapambana idzalipira zakuti, ndipo imawerengeratu mitengoyo kuti phindu likhale lake. Yaciwiri ndi imene imachedwa tote, imene inayambitsidwa ku Paris ndi Joseph Oller ca m'ma 1860. M'njira imeneyi ndalama za onse obecha zimaikidwa mu mphika umodzi. Eni mphika amayamba atapapo gawo lao, limene amagawana ndi bwalo, eni akavalo ndi boma. Zotsala ndizo zimagawidwa kwa amene alosera bwino. Ku America gawo lotapidwali kawirikawiri limakhala pakati pa 15 ndi 25 peresenti.

Tiyeni ticite masamu a pa sukulu. Tiyerekeze kuti anthu khumi asonkha K1,000 ndipo eni mphika amatapa 20 peresenti. Pa mpikisano woyamba anthu aja agawana K800. Akabecha zonsezo kaciwiri, zibwerako K640. Kacitatu K512, kacinai K410, kacisanu K328. Wina mwa iwo angapite kunyumba akumwetulira, koma gulu lonse lataya ndalama zoposa magawo awiri mwa atatu pa mipikisano isanu yokha. Palibe amene waba. Masamu ake ndi otero.

Apa ndi pamene pali ngozi ya mipikisano youlutsidwa kucokera kutali. Siisintha masamuwa, koma imacurukitsa maulendo amene ndalama zimapita mu mphika. Amalume anga ankabecha masana amodzi, n'kudikira Loweruka lina. Mwamuna wa mai uja angathe kubecha kakhumi nsima ya masana isanapse.

Ndiponso miphika yake yakula. M'caka ca 2019 bungwe la Hong Kong Jockey Club linayambitsa mphika wochedwa World Pool pa mipikisano ya Royal Ascot ya ku England, umene umaphatikiza ndalama za obecha a m'maiko ambiri. Pambuyo pake masiku ena akuluakulu a mipikisano ya ku South Africa analowamonso. Ndalama zikuoloka malire mosabvuta, pamene lamulo la dziko lililonse limathera pa malire ake.

Zimene anacita ku America

Dziko la United States lili ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciliconse cimapanga malamulo ake a njuga. M'caka ca 1971 mzinda wa New York unatsegula nyumba zobecheramo kutali ndi bwalo la akavalo. Eni mabwalo ndi eni akavalo anacita mantha. Anati: ife ndife tidyetsa akavalo, tilipira owakwera ndi owasamalira, tikonza bwalo, nanga ngati anthu a ku cigawo cina ayamba kubecha pa akavalo athu osatipatsa kanthu, tidzatha bwanji?

Cifukwa ca dandaulo limeneli, m'caka ca 1978 Nyumba ya Malamulo ya dziko lonselo inakhazikitsa lamulo lochedwa Interstate Horseracing Act. Mutu wake ndi wakuti palibe angalandire ndalama zobechera pa mpikisano wa ku cigawo cina popanda cibvomerezo ca mbali zitatu. Yoyamba ndi bwalo limene akavalo akuthamangira, ndipo bwalolo liyenera kuyamba lagwirizana ndi gulu la eni akavalo. Yaciwiri ndi bungwe la boma loyang'anira mipikisano m'cigawo ca bwalolo. Yacitatu ndi bungwe la boma la m'cigawo cimene wobechayo ali. M'caka ca 2000 lamuloli linakonzedwa kuti likhudzenso kubecha kwa pa foni ndi pa makina a kompyuta.

Nzeru ya lamuloli ndi yoonekeratu: kocokera cithunzi ndi kocokera ndalama, konse kuwiri kuyenera kubvomera. Cigawo cimene sicifuna kubecha kotere cili ndi mphamvu yokana. Koma zotsatira zake tizionenso. Lero ku America, pa madola 10 alionse obechera pa akavalo, pafupifupi 9 amacokera kwa anthu amene sali pa bwalo. Masiku wamba mipando ya m'mabwalo ambiri imakhala yopanda anthu, koma mphika ukuwira.

Zimene anacita ku Britain

Ku Britain, caka ca 1961 cisanafike, kubecha ndi ndalama za m'manja kunja kwa bwalo kunali kosaloledwa. Olemera ankabecha pa lamya mwa nkhongole popanda cobvuta, pamene anchito wamba ankapereka ndalama zao mozemba kwa anthu oima m'makwalala. Boma linaona kuti kuletsa sikunathetse kanthu, ndipo pa 1 Meyi 1961 nyumba zobecheramo zinatsegulidwa mwalamulo.

Koma opanga lamulolo anacenjera. Anafuna kuti nyumbazo zisakhale zokopa. Munalibe wailesi ya kanema, simunkagulitsidwa zakumwa, ndipo wodutsa mu mseu sankatha kuona za mkati. Obecha ankangomva mau a munthu wofotokoza mpikisano. M'caka comweco ca 1961 anakhazikitsa bungwe la Horserace Betting Levy Board, lotolera gawo la ndalama kwa makampani obechetsa kuti zithandize mipikisano, kuweta akavalo ndi maphunziro a za matenda ao.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1986, pamene lamulo linalola wailesi ya kanema m'nyumba zija. M'caka ca 1987 kampani yochedwa SIS inayamba kutumizamo zithunzi za mipikisano pa setilaiti. Kucokera apo tsiku la wobecha linayamba kudzazidwa: akavalo a kwao, agalu othamanga, ndi akavalo a ku maiko ena monga South Africa.

Intaneti itabwera, makampani ena akuluakulu anasamutsira malonda ao a pa intaneti ku malo monga Gibraltar. Anthu obecha anali ku Britain, akavalo anali ku Britain, koma kampani inkati, "Ife tili kunja, msonkho wanu sutikhudza." Panapita zaka boma lisanatseke mpata umenewu. M'caka ca 2014 linalamula kuti kampani iliyonse yolandira ndalama kwa munthu wokhala ku Britain ikhale ndi laisensi ya ku Britain, ngakhale ofesi yake ili kutsidya kwa nyanja. M'caka ca 2017 makampani akunjawo anayamba kulipiranso gawo la 10 peresenti la phindu lao la pa akavalo a ku Britain. Phunziro lake ndi lalifupi: lamulo liyenera kulondola kumene wobecha akukhala, osati kumene kampani yapacika cikwangwani.

Cinyengo ca pakati pa njira

Pali cifukwa cina cimene kubecha kwa kutali kumafunira maso akuthwa. Pakati pa bwalo ndi wobecha pali makina ndi anthu ambiri, ndipo pamene pali manja ambiri, dzanja lina lingakhale lalitali.

Pa 26 Okutobala 2002, pa bwalo la Arlington Park pafupi ndi Chicago, panacitika mipikisano yochuka ya Breeders' Cup. Panali kubecha kwina kofuna kuti munthu alosere opambana pa mipikisano isanu ndi umodzi yotsatizana. Tikiti ina inagulidwa pa foni m'dzina la munthu wina, kupyolera ku kampani ya ku cigawo ca New York. Mnzake, amene ankagwira nchito ku kampani yoyendetsa makina a tote, ankadziwa kuti maina a akavalo osankhidwa satumizidwa ku bwalo nthawi yomweyo. Mipikisano inai itatha, analowa mu kompyuta nasintha tikiti ija kuti ionetse akavalo amene anali atapambana kale. Pa mipikisano iwiri yotsala, tikitiyo inali itasankha akavalo onse.

Cimene cinawaulula n'cakuti pa mpikisano wotsiriza anapambana kavalo wochedwa Volponi, amene anthu ocepa okha ankamuyembekezera. Cotero matikiti a munthu mmodzi yekhayo ndiwo anapambana, ndipo anayenera kulandira madola oposa 3 miliyoni. Oyang'anira anadabwa ndi kalembedwe ka tikitiyo, analetsa malipiro, nafufuza. Anthu atatu anapita ku ndende. Ngati zotere zinacitika m'dziko la mabungwe amphamvu oyang'anira, nanga munthu wa ku Katete kapena ku Matero, wobecha pa kampani imene sadziwa kumene ili, akadandaula kwa yani?

Lamulo limayamba kuteteza yani?

Tsopano tiyang'ane bwino malamulo amene tachulawa. La 1978 ku America linateteza eni mabwalo ndi eni akavalo. La 1961 ndi la 2017 ku Britain anateteza cuma ca mipikisano. La 2014 linatseka njira yothawira kunja. Onsewa ndi malamulo oyenera, pakuti wanchito ayenera kulandira zake, ndipo boma liyenera kutolera msonkho. Koma funso lalikulu limene ankayankha linali lakuti, "Mphikawu tigawana bwanji?" Funso lakuti, "Nanga ndalama za mu mphikamu zacokera pa mbale ya yani?" linabwera mocedwa.

Ku Britain, njira yochedwa GAMSTOP, yolola munthu kudziletsa yekha kubecha pa intaneti, inayamba m'caka ca 2018, ndipo m'caka ca 2020 makampani onse a laisensi anakakamizidwa kulowamo. Munthu amalembetsa dzina lake kamodzi, ndipo makampani onse amamutsekera kwa nthawi imene wasankha. M'mwezi wa Epulo 2020 analetsanso kubecha ndi makhadi a nkhongole a ku banki. Kucokera 1961 kufika 2020 ndi zaka 59. Mabanja angati anapasuka pa zaka zimenezo?

Cifukwa cake n'cosabvuta kucimvetsa. Eni akavalo ali ndi bungwe, makampani ali ndi maloya, boma lili ndi otolera msonkho. Koma mai amene wapeza kuti ndalama za feteleza palibe alibe womuyankhulira pamene malamulo akulembedwa. Iye amangobisa manyazi a banja lake.

Eklezia akuti ciani?

Ena amaganiza kuti Eklezia Katolika amaletsa kubecha kwa mtundu uliwonse. Si conco. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka m'caka ca 1992, amakamba za nkhaniyi pa ndime 2413, m'cigawo cofotokoza lamulo lacisanu ndi ciwiri, loletsa kuba. Mwacidule, ciphunzitso cake cili ndi mfundo zitatu. Kubecha pakokha sikutsutsana ndi cilungamo. Koma kumasanduka koipa pamene kulanda munthu zimene iye ndi a m'nyumba mwake akufunika kuti akhale ndi moyo. Ndipo cilakolako ca njuga cingasanduke ukapolo woopsa. Kunyenga pa masewerawa nakonso ndi mlandu waukulu.

Onani kuti ciphunzitsoci cili pansi pa lamulo la kuba. Ndalama za cakudya, za sukulu ndi za mbeu si za bambo yekha ngakhale ndiye wazigwirira nchito. Ndi za banja. Wozitaya pa kavalo wabera ana ake. Koma mau akuti ukapolo atikumbutsanso cina: kapolo samasulidwa ndi kumukalipira. Madokotala nawonso amaona cizolowezi cotere ngati matenda, ndipo bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linaciika pa mndandanda wa matenda. Munthu wotere afunika coonadi, cithandizo, ndi mpanda umene sangathe kuulumpha pa ola limene mtima wake wafooka. Mpanda umenewo ndiyo nchito ya lamulo.

Nanga kwathu kuno?

Kuno ku Zambia anthu ambiri amabecha pa mpira osati pa akavalo. Koma kacitidwe kake n'kamodzi: masewera acitikira kutali, cithunzi cibwera pa kanema, ndalama zicoka pa foni. Ndipo makampani ambiri obechetsa pa mpira amaikanso akavalo pa mndandanda wao. Lamulo limene kwa zaka zambiri lakhala likuyang'anira nkhanizi, la Betting Control Act, linalembedwa kalekale mafoni a m'manja asanabwere. M'caka ca 2025 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa ndalama zobechera, ndipo makampani ena anakadandaula ku khoti. Apanso mkangano unali wa kagawidwe ka mphika.

Akulu anati, walira mvula walira matope. Dziko limene labvomera kulandira msonkho wa njuga labvomeranso udindo wosamalira amene njugayo yawabvulaza. Tisadikire zaka 59. Pa zimene taona ku maiko ena, tingapemphe aphungu athu zinthu izi.

Coyamba, kampani iliyonse yolandira ndalama kwa munthu wokhala m'Zambia ikhale ndi laisensi ya m'Zambia ndi ofesi imene wodandaula angafikeko, kaya mpikisanowo ucitikira ku Durban kapena ku Melbourne. Caciwiri, zaka za wobecha zitsimikizidwe ndi citupa ca NRC, kuti mwana wa sukulu asabeche pa foni ya amai ake. Cacitatu, pakhale kaundula mmodzi wa dziko lonse, kuti munthu wofuna kuleka alembetse kamodzi ndipo makampani onse amutsekere. Cacinai, wobecha aziika malire a ndalama za pa mwezi asanayambe, ndipo kukweza malirewo kuzitenga masiku, osati kamphindi. Cacisanu, kubecha ndi ndalama za nkhongole kuletsedwe. Cotsiriza, gawo la msonkho wa njuga lipite ku uphungu ndi cithandizo ca ogwidwa mu msamphawu.

Zonsezi colinga cake n'cimodzi: kubwezera mtunda umene makina anacotsa. Kuika kamphindi pakati pa cilakolako ndi ndalama, monga basi ija ndi ulendo wapansi uja wa amalume anga.

Pamene tikudikira a malamulo, ifenso tili ndi gawo lathu. Banja la mai uja linakhala pansi pamodzi ndi ankhoswe. Bamboyo anabvomera kulakwa kwake, ngakhale kunali kowawa. Anagwirizana kuti ndalama za munda ndi za sukulu zizisungidwa ndi mai, ndipo kuti usiku foni izigona pa tebulo la pa balaza. Caka cino alima kagawo kocepa ka munda wao, pakuti madzi akatayika saoleka. Sindinganene kuti nkhondo yatha, cifukwa cizolowezi cotere cimabwerera. Koma Lamulungu lapitali ndinawaona atakhala pa benchi limodzi.

Mafunso okambirana mu mphakati

Kodi m'banja mwathu timauzana poyera za ndalama zimene zalowa ndi kumene zapita?

Tikadziwa kuti mbale wathu wagwidwa ndi njuga, timamuseka, timamubisa, kapena timamuyendera?

Ndi mfundo ziti mwa zimene zachulidwa pamwambapa zimene tingalembere phungu wa dera lathu, kupyolera m'kagulu ka Cilungamo ndi Mtendere ka pa parishi?